Tisalandire mbewu ya bowa nyumba isanakonzeke

Alimi anzathu, m'zaka zapitazi ulimi wa bowa wakhala ukutchulidwa kawirikawiri pamisonkhano ya zaulimi m'boma lino la Mchinji ngati njira imodzi yopezera ndalama powonjezera pa fodya, mtedza ndi soya. Ife ngati bungwe la alimi ang'onoang'ono tikugwirizana nawo maganizo amenewa. Bowa safuna munda waukulu, safuna feteleza, ndipo chakudya chake ndi zinthu zomwe ambiri a ife timangozitentha tikakolola, monga mapesi a chimanga, zitsononkho, makoko a mtedza ndi zotsalira za soya.

Koma pali mfundo imodzi yomwe siyimveka mokwanira pamisonkhano imeneyi. Bowa amalimidwa m'nyumba, ndipo nyumbayo ndiyo munda wake. Mlimi wa chimanga amayang'ana kumwamba kudikira mvula ndi dzuwa, pamene mlimi wa bowa amayenera kupangira yekha mbewu yake nyengo yoyenera tsiku ndi tsiku. Akalephera kusamala kutentha, chinyezi ndi mpweya m'nyumbamo, wataya mbewu, nkhuni, majumbo ndi thukuta lake, ndipo ngati anatenga ngongole, chomwe watsala nacho ndi ngongoleyo basi.

N'chifukwa chake maganizo athu ndi akuti kalabu iliyonse isalandire mbewu ya bowa nyumba yake isanakonzeke ndi kuyesedwa. Komanso bungwe lililonse lobweretsa ulimi umenewu m'midzi mwathu lisamawerenge kupambana kwake potengera mabotolo a mbewu omwe lagawa, koma makilogalamu a bowa omwe alimi akolola ndi kugulitsa pakutha pa chaka.

Chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika

Tonse tikudziwa mmene ulimi wa kumunda wavutira. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 25, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi maperesenti 44, zomwe zinakweza mitengo ya feteleza, mbewu ndi mankhwala. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi kaamba ka ng'amba yomwe inadza ndi El Niño. Chaka cha 2023 dziko lathu linalowanso m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, lochepetsa kusuta fodya, zomwe zikutikumbutsa kuti sitingapachike moyo wathu wonse pambewu imodzi. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma la Mchinji, ndipo aliyense wa ife akuona mmene minda ikucheperachepera makolo akamagawira ana awo.

Kumbali ya msika, Mchinji ili pabwino. Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 110 kudzera mumsewu wa M12, ndipo Chipata ili pafupi kwambiri kudzera pachipata cha Mwami, pomwe mu Disembala 2022 anatsekula ofesi imodzi yochitira zonse za pamalire a maiko awiriwa. Bowa wa kutchire monga utale, ndelema ndi manyame amapezeka m'dzinja mokha, ndipo akucheperachepera pamene mitengo yachilengedwe ikutha. Choncho mpata weniweni wa bowa wolima uli m'miyezi imene bowa wa kutchire kulibe. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa miyezi yomweyo ndi imene kunja kumakhala kouma, ndipo pofika Okutobala kumatentha zedi. Nthawi yomwe msika ukufuna bowa wathu ndi nthawi yomweyo imene nyumba yomangidwa mwachisawawa imapha mbewu.

Zimene bowa amafuna

Bowa amene makalabu ambiri amayamba naye ndi wa oyisitala, chifukwa savuta ngati bowa wa batani amene timamuona m'masitolo akuluakulu a m'tauni. Moyo wa bowa wa oyisitala uli ndi magawo awiri, ndipo gawo lililonse limafuna nyengo yakeyake.

Gawo loyamba ndi loyanga. Mapesi akadulidwa, kunyikidwa, kufutsidwa ndi nthunzi mumgolo ndi kuzizira, timawaika m'majumbo pamodzi ndi mbewu. Apa ulusi woyera wonga thonje umayamba kuyanga m'jumbo monse, ndipo zimatenga masabata atatu kapena anayi. Nthawi imeneyi majumbo amafuna malo amdima, aukhondo, otentha pakati pa madigiri 24 ndi 28. Chimene alimi ambiri sauzidwa n'chakuti ulusiwu ukamakula umatulutsa kutentha kwakekwake, kotero kuti m'kati mwa jumbo mumatentha kuposa mpweya wa m'chipinda. Chipinda chikafika madigiri 30, pakati pa jumbo pakhoza kukhala patapitirira pamenepo ndi madigiri angapo. Ulusi umafooka, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 35 kwa nthawi yaitali umayamba kufa. Pamene ulusi wafooka mpamene nkhungu yobiriwira imalowerera ndi kulanda jumbo lonse. Kusanjikiza majumbo ngati matumba a chimanga, kapena kugwiritsa ntchito majumbo aakulu kwambiri, kumawonjezera vutoli chifukwa kutentha kumasowa potulukira.

Gawo lachiwiri ndi lobereka. Jumbo likayera lonse timaliboola ndi kulipititsa m'chipinda china momwe muli kuwala kokwanira kuti munthu awerenge nyuzipepala, koma dzuwa osalowa mwachindunji. Apa bowa amafuna chinyezi chochuluka mumpweya, cha pakati pa maperesenti 85 ndi 95, chifukwa magawo 9 mwa magawo 10 a thupi lake ndi madzi, ndipo alibe khungu lolimba lomuteteza kuti asaume. Amafunanso mpweya wabwino. Bowa amapuma ngati ife, ndipo amatulutsa mpweya woipa umene akatswiri amautcha carbon dioxide. Mpweya umenewu ukadzadza m'chipinda, bowa amatuluka ndi miyendo yaitali ndi mitu ing'onoing'ono, zomwe ogula sazifuna.

Ntchito yonse ya mlimi wa bowa yagona pakuyanjanitsa zinthu zitatuzi. Mukatseka chipinda kuti chinyezi chisathawe, mpweya woipa ndi kutentha zimachuluka. Mukatsekula kwambiri kuti mpweya ulowe, chinyezi chimathawa. Palibe lamulo limodzi logwira ntchito chaka chonse, ndipo n'chifukwa chake maphunziro a tsiku limodzi pansi pa mtengo sangakwanire.

Nzeru zina tili nazo kale

Sitikunena kuti ntchitoyi ndi ya anthu ophunzira kwambiri okha ayi. Mlimi wa ku Mchinji amadziwa kale zambiri za kutentha ndi chinyezi. Yemwe analimapo fodya wa bale amadziwa kuti chigafa chothinana m'nyengo ya mvula chimawoletsa fodya, komanso kuti tsamba louma saligwira masana kuli gwaa, amadikira chinyezi cha m'mawa kuti lifewe. Yemwe anaotchapo fodya m'balani amadziwa kukweza moto pang'onopang'ono ndi kutsekula kapena kutseka mazenera malinga ndi mmene tsamba likuonekera. Maso omwewo ndi amene akufunika m'nyumba ya bowa. Kusiyana kwake n'kwakuti pa fodya timachotsa madzi m'tsamba, pamene pa bowa timasunga madzi mumpweya.

Mtedza nawonso unatiphunzitsa. Dziko lino linkagulitsa mtedza wambiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, koma msikawo unadzatayika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku. Chuku chimabwera ndi chinyontho, monga pamene mtedza sunaume bwino kapena pamene wina wauwaza madzi kuti usavute kuswa. Alimi a m'boma lino, kudzera m'bungwe la MASFA, atagwirizana ndi kutsata ndondomeko ya kaumitsidwe ndi kasankhidwe, analandira chiphaso cha Fairtrade m'chaka cha 2004 ndipo mtedza wa ku Mchinji unafikanso m'masitolo a ku Britain. Phunziro lake n'lakuti kusamala chinyontho si nkhani yaing'ono, ndi nkhani ya msika ndi ndalama, ndipo imatheka alimi akaichitira pamodzi.

Nyengo zitatu, kasamalidwe katatu

Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itayamba, masana kuno kumafika madigiri 30 kapena kupitirira, ndipo mpweya umakhala wouma. Pali chinthu chimodzi chomwe mlimi aliyense ayenera kuchimvetsa. Mpweya ukamatentha umatha kunyamula madzi ambiri, choncho umayamba kuyamwa madzi paliponse pomwe wawapeza. Mpweya umene m'mawa pa madigiri 20 unali ndi chinyezi cha maperesenti 90, ukatentha kufika madigiri 30 popanda kuwonjezera madzi, chinyezi chake chimatsika kufika pafupifupi maperesenti 50. Ichi n'chifukwa chake chipinda chomwe chinali bwinobwino pomwe mumapita kudimba mumachipeza bowa atang'aluka mitu pobwera masana. M'nyengo imeneyi thirani madzi pamchenga wa pansi, m'makoma ndi paziguduli zopachikidwa katatu kapena kanayi patsiku, makamaka kuyambira cha m'ma 11 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Pachikani ziguduli zonyowa pamazenera a mbali yomwe mphepo ikuchokera, chifukwa madzi akamauma pachiguduli amaziziritsa mpweya wolowa, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Tsekulani mazenera onse usiku ndi m'bandakucha pamene kunja kwazizira.

M'dzinja zinthu zimatembenuka. Mpweya wa kunja umakhala kale ndi chinyezi, ndipo ziguduli zonyowa siziziziritsanso kwenikweni chifukwa madzi sauma msanga. Mlimi amene apitiriza kuthira madzi ngati mu Okutobala adzaona bowa wake akuchita mawanga achikasu, kuterera ndi kununkha. Nthawi imeneyi chepetsani madzi ndipo tsekulani mazenera nthawi yaitali. Mukawaza madzi, bowa ayenera kuuma pamwamba pasanathe maola awiri. Tintchentche timachulukanso m'nyengoyi, choncho onetsetsani kuti sefa wa m'mazenera sanabooke.

Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kucheperapo. Bowa wobereka savutika kwambiri ndi kuzizira koteroko, koma ulusi m'chipinda choyangira umachedwa, ndipo jumbo lomwe likanayera m'masabata atatu limatha kutenga asanu kapena kuposerapo. Tsekani mazenera dzuwa likamalowa, tsekulani masana, ndipo thirani madzi dzuwa litakwera, osati madzulo. Musayese kuika mbaula m'chipinda chotseka. Utsi wa makala umawononga bowa ndipo umapha munthu.

Kamangidwe ka nyumba

Ena amaona pa intaneti nyumba za bowa za m'maiko olemera, zokhala ndi makina oziziritsa ndi opopera nthunzi, n'kumaganiza kuti popanda zimenezo palibe chingachitike. Midzi yathu yambiri ilibe magetsi a ESCOM, ndipo ngakhale kumene alipo tonse tikukumbukira kuzimazima komwe kunatsatira pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Nyumba yodalira makina imasanduka uvuni magetsi akangozima masana amodzi. Ife tikuti nyumba yabwino kwa mlimi wamng'ono ndi imene imazizira yokha kaamba ka kamangidwe kake.

Mangani pamthunzi wa mitengo, kutali ndi khola, chimbudzi, dzala ndi malo osungira mankhwala a mbewu. Utali wa nyumba uloze kum'mawa ndi kumadzulo kuti dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo liziwomba khoma lalifupi. Denga likhale la udzu wochindikala. Ambiri a ife timaona malata ngati chizindikiro cha chitukuko, koma kwa bowa malata opanda chotchinga ndi mdani. Ngati nyumba yomwe ilipo ndi yamalata, yalani udzu pamwamba pake kapena ikani mphasa kunsi, kusiya mpata pakati kuti mpweya wotentha uzituluka. Makoma a zidina kapena a dothi amasunga kuzizira bwino. Ngati makoma ndi audzu, kutani pulasitiki m'kati kuti chinyezi chisathawe, koma musatseke mazenera ndi pulasitikiyo.

Mazenera akhale a mitundu iwiri, ena m'munsi pafupi ndi pansi ndipo ena m'mwamba pafupi ndi denga. Mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'mwamba, ndipo potero umakoka mpweya wozizira kudzera m'munsi. Onse atchingidwe ndi sefa wa waya. Tikuchenjeza mamembala kuti asagwiritse ntchito maneti a udzudzu olandira kuchipatala, chifukwa ali ndi mankhwala ophera tizilombo, komanso ntchito yake ndi yoteteza mabanja athu ku malungo. Pansi thirani mchenga wa kumtsinje wochindikala ngati chikhatho kuti uzisunga madzi. Zipinda zikhale ziwiri, choyangira ndi choberekera, ndipo pakati pa jumbo ndi jumbo pazikhala mpata wolowa dzanja. Mpope wowazira madzi ukhale wa bowa yekha, usakhale umene munapoperapo mankhwala a fodya kapena a mbozi za chimanga. Kumbukiraninso kuti majumbo opyapyala analetsedwa m'dziko muno kuyambira mu 2015, choncho gulani ochindikala ovomerezeka, ndipo mukatha nawo musawataye paliponse.

Tiyeze, tisamangoganizira

Khungu la munthu limanama. Munthu wochokera padzuwa akalowa m'chipinda cha madigiri 31 amamva ngati mwazizira. Kalabu iliyonse ikhale ndi zipangizo ziwiri zoyezera kutentha, zomwe ena amazitcha themometa. Zipachikeni pamodzi pakati pa chipinda, molingana ndi mashelefu. Chimodzi chikulungeni kunsonga ndi kansalu koviikidwa m'kabotolo ka madzi. Chokulungidwacho chimaonetsa nambala yotsikirapo, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi kumene kumakuuzani za chinyezi. Zikasiyana ndi digiri imodzi kapena awiri, chinyezi chili bwino. Zikasiyana ndi madigiri 5, chinyezi chatsika kufika cha m'ma 60 ndipo bowa ayamba kuuma. Alimi omwe anagwirapo ntchito m'mabalani a m'maesiteti njirayi akuidziwa.

Lembani manambalawa m'kope katatu patsiku, 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 6 koloko madzulo, pamodzi ndi madzi omwe mwathira ndi bowa amene mwakolola. Kope limeneli ndi limene lidzathandize mlangizi kupeza pomwe palakwika, ndipo ndi umboni wanu ngati wogulitsa mbewu akukankhira vuto kwa inu.

Koposa zonse, yesani nyumba ili yopanda kanthu. Musanaitanitse mbewu, thirani madzi ndi kutsekula mazenera monga mmene mudzachitire bowa akadzalowa, ndipo lembani manambala kwa sabata yathunthu. Ngati 2 koloko masana chipinda chikupitirira madigiri 30, konzani denga, mthunzi ndi mazenera kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata imodzi yodikira siyingafanane ndi kutaya majumbo 200.

Nyumba ikakhala bwino, makilogalamu 10 a mapesi ouma akhoza kupereka makilogalamu 5 mpaka 8 a bowa wamuwisi m'makololedwe atatu kapena anayi. Nyumba ikakhala yoipa, mapesi omwewo, mbewu yomweyo ndi ntchito yomweyo zikhoza osapereka kanthu.

Zomwe tikupempha

Poyamba, tikupempha unduna wa zaulimi, kudzera ku ofesi yake ya boma la Mchinji ndi ya Kasungu ADD, kuti m'dera lililonse la zaulimi monga Mkanda, Kalulu, Mikundi, Chioshya, Mlonyeni ndi Msitu mukhale mlangizi mmodzi wophunzitsidwa bwino za bowa, komanso nyumba imodzi yachitsanzo yomangidwa ndi zipangizo zopezeka m'mudzi. Tikudziwa kuti alangizi ndi ochepa ndipo mmodzi amatumikira mabanja oposa 1,000. N'chifukwa chake tikuti alimi otsogola aphunzitsidwe nawo limodzi, ndipo maphunzirowo adutse nyengo zonse zitatu za chaka.

Kachiwiri, tikupempha onse opanga ndi kugulitsa mbewu ya bowa kuti botolo kapena paketi iliyonse izilembedwa mtundu wa bowa, tsiku lomwe mbewu inapangidwa ndi kutentha komwe mtunduwo umafuna. Bowa wa oyisitala ali ndi mitundu ingapo. Ina imabereka bwino kukazizira ndipo ina imapirira kutentha. Kumupatsa mlimi mtundu wokonda kuzizira mu Sepitembala ndi kumugwetsa dala. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, ya University of Malawi ku Zomba ndi malo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo akhala akugwira ntchito ya bowa kwa zaka zambiri. Tikuwapempha kuti ayese mitundu imeneyi m'nyumba za alimi kuno ku Mchinji ndi kutiuza m'Chichewa chomveka mtundu woyenera mwezi uliwonse. Tikupemphanso kuti mbewu izipezeka pafupi. Mbewu ya bowa ndi yamoyo, ndipo ikayenda tsiku lonse padzuwa m'minibasi kapena pakabaza imafika itafooka kale. Amene akuganiza zokagula mbewu ku Chipata akumbukire kuti kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha a zaulimi.

Kachitatu, tikupempha mabungwe omwe si aboma kuti m'ndondomeko zawo za chuma aziikamo nyumba, zipangizo zoyezera, gwero la madzi ndi maulendo a mlangizi kwa chaka chathunthu. Kugawa mbewu, kujambula zithunzi ndi kuchoka si chitukuko. Gulu likalephera koyamba, mudzi wonse umanena kuti bowa salimika kuno, ndipo zimatenga zaka kuti anthu akhulupirirenso. Nkhani ya madzi isanyozedwe. Nyumba ya bowa imafuna madzi aukhondo tsiku lililonse, ndipo imafuna ambiri m'mwezi womwe zitsime zimaphwa ndipo pamjigo pamakhala mzere wa ndowa. Ngati izi sizinaganiziridwe, katunduyu amagwera amayi ndi atsikana omwe ali kale ndi ntchito zambiri.

Kachinayi, tikupempha mabungwe obwereketsa ndalama kuti asapereke ngongole ya ulimi wa bowa kwa gulu lomwe lilibe nyumba yoyesedwa, ndipo kubweza kuziyamba bowa atayamba kukololedwa. Kuchokera tsiku lofesa mpaka kukolola koyamba pamadutsa mwezi ndi masiku angapo. Ngongole yoyamba kubwezedwa sabata yotsatira imakakamiza mlimi kugulitsa nkhuku kapena chimanga cha banja.

Kachisanu, tikupempha nthambi yoona zanyengo ndi mawailesi, kuphatikizapo wailesi ya m'dera lathu ya Mudzi Wathu, kuti polengeza zanyengo azitchula madigiri a kutentha koyembekezereka m'boma lino, osati za mvula zokha. Bungwe loona zanyengo padziko lonse linalengeza kuti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kulemba. Mlimi wa bowa, wa nkhuku ngakhale wa nazale akadziwiratu kuti kukubwera masiku otentha kwambiri, amakonzekera madzi ndi mthunzi.

Udindo wathu mamembala

Sitingaloze ena chala tokha titakhala pansi. Mfundo za ulangizi zomwe boma linakhazikitsa m'chaka cha 2000 zinanena kuti ulangizi uziperekedwa potengera zomwe alimi apempha. Ngati sitipempha, palibe adzatibweretsere. Atsogoleri a makalabu atengere nkhaniyi kumakomiti a zaulimi a m'midzi ndi a m'madera, ilembedwe m'mabuku a misonkhano, ndipo nthumwi zathu zikaifikitse kukhonsolo ya boma.

Yambani pang'ono. Majumbo 50 osamalidwa bwino amaphunzitsa zambiri kuposa 500 osiyidwa okha. Gawanani ntchito molemba maina, kuti aliyense adziwe tsiku ndi ola lake lothira madzi, chifukwa nyumba ya gulu imene aliyense akuganiza kuti mnzake wathira ndi imene imauma. Abambo atenge nawo mbali potunga madzi ndi kutema udzu. Jumbo lomwe lachita nkhungu yobiriwira lichotsedwe tsiku lomwelo osalitsekula, likakwiriridwe kutali. Kololani bowa m'mphepete mwa mutu musanatambasuke, chifukwa akakhwimitsa amatulutsa fumbi loyera lomwe limatsokomoletsa, ndipo wogwira ntchito m'chipinda choberekera aziphimba mphuno ndi pakamwa.

Pezani msika musanafese. Bowa wa oyisitala sakhalitsa, kukatentha amafota patangotha tsiku limodzi kapena awiri ngati palibe firiji. Makalabu oyandikana, kaya ndi a ku Kamwendo, Kapiri, Waliranji kapena Mkanda, agwirizane masiku ofesa kuti asakolole onse sabata imodzi n'kusowa bowa sabata zotsatira. Wogula wa kuhotela kapena kusitolo amafuna munthu womubweretsera mlingo womwewo sabata iliyonse, ndipo mlimi mmodzi payekha sangakwanitse. Bowa wotsala muumitseni pathandala laukhondo, podziwa kuti makilogalamu 10 a bowa wamuwisi amapereka pafupifupi kilogalamu imodzi ya wouma, kotero mtengo wake uziwerengedwa moyenera.

Ulimi wa bowa ukhoza kuthandiza mabanja ambiri a m'boma lino, makamaka amayi, achinyamata ndi onse omwe minda yawo ndi yochepa. Koma ulimi ndi bizinesi, ndipo mwini bizinesi salandira katundu asanakonze pomusungira. Wina akabwera m'mudzi mwanu ndi mabotolo a mbewu ya bowa, mulandireni bwino, kenako mufunseni mafunso anayi: mbewuyi ndi ya mtundu wanji ndipo inapangidwa liti, nyumba yathu mwaiyesa, madzi a mu Okutobala adzachokera kuti, nanga adzatiyendere ndani majumbo akadzayamba kuvuta? Ngati mayankho palibe, muuzeni mwaulemu kuti mbewuyo ibadikira kufikira nyumba itakonzeka.